Nyama ya pa Nsanja ndi ya Yani?

Pakapita masiku awiri kapena atatu kuchokera pa Idi yaikulu, munthu woyenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kaya ndi kwa Makanjila, ku Malindi, kwa Mponda, ku Chipoka kapena ku Nkhotakota, amamva fungo losiyana ndi la masiku onse. Utsi wa mlamba ndi kampango tinauzolowera kalekale, mphuno zathu siziumvanso. Koma sabata imeneyi m'makhitchini mumatuluka utsi wa nyama ya mbuzi ndi ya ng'ombe, ndipo fungo lake silibisika. Limadumpha mpanda n'kulowa pakhomo la mnansi amene wazinga, limalowanso pakhomo la mnansi amene sanazinge.

Chaka chatha, titatsegulira madrasa pambuyo pa tchuthi cha Idi, mayi wina wachikulire amene amabwera kudzatenga mdzukulu wake anatiimitsa pakhonde. Atatha malonje anati: "A mwalimu, ndifunseko. Mwana wanga wa ku Joni anatumiza ndalama ndipo tinazinga mbuzi. Tinagawira abale ndi anthu ena, koma miyendo iwiri ndinaiwamba, ili pa nsanja. Tsono anzanga ena akuti nyama ya Qurbani siigona m'nyumba kupyola masiku atatu, akuti ndi haramu. Kodi ndalakwa?" Tinawayankha mwachidule kuti, "Iyayi amayi, simunalakwe," ndipo anapita mtima uli m'malo. Ife ndi amene tinatsala ndi njakata, pakuti yankho la pakhonde lija linasiya kunja theka la nkhani. Anzawo aja za masiku atatu sanazipeke m'mutu mwawo.

M'mabuku a Hadith a Imam Bukhari ndi Imam Muslim muli nkhani yoti chaka china Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) analetsa anthu a ku Madinah kusunga nyama ya nsembe kupyola masiku atatu. Chaka chotsatira Maswahaba anafunsa ngati achitenso monga anachitira chaka chapitacho, ndipo iye anawalola kudya, kudyetsa ena ndi kusunga. Chifukwa chake sanawabisire. Chaka choyamba chija anthu anali pa mavuto, mumzindamo munali mutafika osauka ochokera m'chipululu, ndipo iye anafuna kuti nyama iwafike iwonso. Mayi Aisha, Allah asangalale nawo, atafunsidwa za chiletsochi anayankha mofanana, kuti chinali cha chaka cha njala pofuna kuti olemera adyetse osauka. Anaonjezera kuti m'nyumba mwawo ankatha kusunga kamwendo ka nkhosa n'kudzakadya patapita masiku 15.

Kuumitsa nyama kuti ikhalitse si chinthu chachilendo m'Chisilamu. Masiku atatu otsatira Idi, pa 11, 12 ndi 13 m'mwezi wa Dhul Hijjah, amatchedwa masiku a Tashriq, ndipo akatswiri ambiri a Chiarabu amati dzinali linachokera ku mchitidwe wocheka nyama ya nsembe n'kuiyanika padzuwa. Nyama yotereyi Aluya ankaitcha qadid. Anas ibn Malik anasimba za telala wina amene anaitanira Mtumiki chakudya, namukonzera msuzi wa maungu ndi nyama youmitsa. Thawban anasimba kuti Mtumiki anamuuza kuti akonze nyama ya nsembe yake kuti isawonongeke, ndipo anakhala akumudyetsa nyamayo mpaka anakafika ku Madinah. Kwawoko kunali dzuwa loswa mtengo ndi mphepo youma ya m'chipululu. Kwathu kuno kunyanja kuli chinyezi ndi ntchentche, n'chifukwa chake makolo athu anaonjezerapo utsi. Mayi amene akuwamba mwendo wa mbuzi ku Malindi akuchita chimene amayi a ku Madinah ankachita, kungoti ndi nkhuni za kwawo.

Pa kuloledwa kwake, choncho, palibe chokayikitsa. Pamene Maulama anasiyana maganizo ndi pa funso lina, ndipo limeneli ndi limene likutikhudza ife kwambiri. Kodi chiletso cha masiku atatu chinafafanizidwa kotheratu, kapena chinangoimitsidwa chifukwa njala imene inachibweretsa inatha? Ambiri anati chinafafanizidwa, ndipo munthu angasunge nyama yake nthawi ina iliyonse. Ena, monga Imam al-Qurtubi amene anamwalira mu 1273, anati lamulo limene lachoka chifukwa choti chifukwa chake chachoka limabwereranso chifukwacho chikabwerera. Malinga ndi iwo, ngati m'mudzi mwafika anthu ovutika pa masiku a Idi ndipo palibe china chowathandizira koma nyama ya nsembe, eni mudzi sayenera kuisunga kupyola masiku atatu. Imam Shafi'i mwini, m'buku lake la Ar-Risala, anaonetsa kuti ma Hadith amenewa angamveke m'njira zonse ziwiri. Palinso nkhani yoti Ali ibn Abi Talib, potsogolera Swala ya Idi pa nthawi imene Uthman anazingidwa ndi adani m'nyumba mwake, anakumbutsa anthu za chiletso cha masiku atatu, ndipo Maulama ena amati anatero chifukwa chaka chimenecho ku Madinah kunalinso mavuto.

Kwa munthu wowerenga ali m'dziko la mwanaalirenji, kusiyana kumeneku ndi nkhani ya m'kalasi. Ife tinakuona ndi maso. Mu 2002 Idi yaikulu inagwa mu Febuluwale, pakatikati pa njala imene aliyense wa zaka zoposa makumi atatu akuikumbukira. Patangopita masiku ochepa kuchokera pa Idiyo boma linalengeza kuti dziko lili pa tsoka la njala. Anthu ankadya gaga, mizu ya nthochi ndi chimanga chosakhwima. Ziweto zinatsika mtengo kwambiri, pakuti eni ake ankazigulitsa pa ndalama ina iliyonse kuti apeze kambale ka ufa. Izi zikutanthauza kuti amene anali ndi ndalama chaka chimenecho anagula mbuzi ya Qurbani motchipa kwa munthu amene njala inamukakamiza kuigulitsa. Tsono tiyerekeze kuti wogulayo wazinga mbuzi ija, wagawa pang'ono, yotsala waiwamba kuti azidya mpaka Epulo, ndipo utsi wake ukulowa m'nyumba ya amene anamugulitsa. Tikamufunsa Mufti, mwina adzanena kuti nsembeyo yatheka ndipo palibe tchimo lodziwika. Koma sitikhulupirira kuti pali Msilamu wa mtima wamoyo amene angamve nkhani imeneyi osachita manyazi.

Ife timatsamira ku maganizo a al-Qurtubi, ngakhale sitiwanyoza amene amati chiletso chinatheratu. Chimene chikutikoka n'chakuti Mtumiki anatchula chifukwa cha lamulo lake. Akanatha kungoletsa, kenako n'kungolola, osanena kanthu, ndipo Maswahaba akanamvera. Potchula chifukwa anawapatsa ntchito yoti chaka ndi chaka aziyang'ana kunja kwa mpanda asanaike nyama pa nsanja. Kalendala imene imauza munthu ngati asunge kapena asasunge ndi nkhope za anthu a m'mudzi mwake.

Wina angatsutse mwanjira ina, n'kunena kuti kusunga kulikonse kumaonetsa kuchepa kwa tawakkul, kuyedzamira kwa Allah. Adzatikumbutsa Hadith yonena za mbalame zimene zimachoka m'mawa zili ndi njala n'kubwera madzulo zitakhuta, ndipo adzati mbalame ilibe nkhokwe. Ganizo limeneli limakoma m'khutu, koma siligwirizana ndi zonse zimene tinaphunzitsidwa. Mu Surah Yusuf, Mneneri wa Allah ndi amene analangiza Aiguputo kusunga tirigu m'ngala zake kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo nkhokwe zimenezo zinadzapulumutsa ngakhale abale ake omwe anamuponya m'chitsime. Umar ibn al-Khattab anasimba kuti Mtumiki ankapatulira banja lake chakudya cha chaka chonse. Mbalame ija imadzuka n'kuuluka kukafuna chakudya, ndipo kwa mayi wa ana asanu kuwamba nyama kuli mbali ya kuuluka kumeneko. Amene amatcha kusasamala kwake dzina la tawakkul nthawi zambiri ndi yemwe amadzagogoda pakhomo la wosunga uja mu Januwale.

Komabe pali Hadith ina imene imatilepheretsa kukhala mosatekeseka pafupi ndi nsanja zathu. Imam Tirmidhi analemba kuti m'nyumba ya Mtumiki anazinga nkhosa n'kuigawa. Iye atafunsa kuti chatsala n'chiyani, Mayi Aisha anayankha kuti latsala phewa lokha. Iye anawauza kuti zoona zake n'zakuti yatsala nkhosa yonse kupatula phewalo. Chimene chagawidwa ndicho chasungika, chimene chasungidwa chidzatha. Makolo athu anali ndi mawu ake akuti kupatsa n'kuika. Koma makolo omwewo ankatinso fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo sitiganiza kuti ankadzitsutsa. Ankadziwa kuti munthu ali ndi nkhokwe ziwiri, ina pabwalo pake, ina m'mimba mwa anansi ake, ndipo wodzaza imodzi yokha adzalira. Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-Hajj, inaika zinthu ziwirizi mu Ayah imodzi, kulamula wozinga kuti adyeko iye mwini ndi kudyetsanso wovutika. Surah yomweyo ikutiuza kuti nyama ndi magazi sizimufika Allah, chimene chimamufika ndi kumuopa kwa wozingayo.

Ambiri a ife kuno timatsata Madh'hab a Imam Shafi'i, amene anatifika kudzera kwa Aswahili a ku gombe la kum'mawa, ndipo m'Madh'hab amenewa muli mfundo imene anthu ambiri saidziwa. Pa nsembe ya Sunnah n'kokakamizidwa kupereka gawo lina kwa osauka, ndipo gawolo liyenera kukhala nyama yaiwisi. Kuphika mpunga wa nyama n'kuitana osauka kudzadya pamkeka ndi ntchito yabwino, koma sikukwaniritsa lamuloli. Nzeru yake njoonekeratu. Wosauka ayenera kukhala mwini wa nyamayo, kuti asankhe yekha chochita nayo: aiphike lero, aiwambe, kapena aigulitse kuti agule sopo. Mwini nsembe ndiye saloledwa kugulitsa kalikonse, ngakhale chikopa, ndipo sangalipire wozinga ndi nyama ya nsembeyo. Dongosolo lake, choncho, n'lakuti mpeni wogawira uyambe, moto wowambira ubwere pambuyo. Munthu amene amayamba wapatula ntchafu ndi msana kuti aziwambe, n'kutsala akugawa mafupa, mapapo ndi matumbo, wasunga lamulo ndi dzanja limodzi n'kuliphwanya ndi linzake. Maulama ambiri amalimbikitsa kuigawa patatu, ya banja, ya mphatso kwa abale ndi abwenzi, ndi ya sadaka. Patatu pamenepo payesedwe ndi ubwino wa nyama, kulemera kokha kumanamiza.

Pali chinthu china chimene tiyenera kuchinena poteteza amayi owamba. Funso la masiku atatu limagwera kwambiri iwo chifukwa chakuti ntchito yawo imaoneka. Utsi ndi wachilungamo, umaulula mwini wake. Firiji ndi yachinsinsi. Munthu wa pa tauni angalonge theka la ng'ombe m'firiji, n'kutseka chitseko, ndipo palibe mnansi amene adzamve fungo kapena kumufunsa za haramu. Tikamadzudzula mayi wa miyendo iwiri ya mbuzi n'kumusiya mwini firiji, ndiye kuti tikuweruza ndi mphuno. Mwinanso utsi uli ndi ubwino wake, pakuti wowamba amadziwa kuti anansi amva, ndipo manyazi amamukumbutsa zimene Mtumiki analangiza Abu Dharr, zoti akamaphika msuzi azichulukitsa madzi kuti agawireko anansi ake. Ndipo mayi wamasiye amene walandira kilogalamu imodzi ya sadaka n'kuiwamba kuti ana ake azinunkhiza ndiwo kwa mwezi wathunthu, ameneyo palibe womufunsa. Ndiye wanzeru kuposa tonsefe.

Nyama imene ilibe mkangano uliwonse ndi imene imabwera kudzera m'mabungwe achifundo. Chaka ndi chaka Asilamu a m'maiko ena amatumiza ndalama kuti ng'ombe ndi mbuzi zizingidwe kuno n'kugawidwa kwa osauka. Amene apatsidwa udindo wogawa ndi osunga amana, nyamayo si yawo. Tinaonapo pamalo pena anthu ataima pamzere kuyambira Swala ya Dhuhr mpaka dzuwa kupendeka, n'kulandira kajumbo ka mafupa, pamene usiku wake utsi wonona unkatuluka m'makhitchini a ogawa aja. Sititchula malo, pakuti amene anachita akudzidziwa, ndipo khomo la kulapa silinatsekedwe. Tingonena kuti nyama imeneyo, kaya yawambidwa mwaluso chotani, mchere sungaiyeretse.

Tsono munthu wagawa moyenera ndipo gawo lake likufunika kusungidwa. Apanso pali udindo, chifukwa kulola nyama kuwola ndi israf, kusakaza, mofanana ndi kuitaya kudzala. Amene anakulira pafupi ndi agogo awo akudziwa kachitidwe kake, koma atsikana ambiri a lero anakula akuona firiji ya pa golosale, ndipo magetsi akazima masiku awiri amataya nyama yambiri. Nyama yowamba imafuna kuchotsedwa mafuta, pakuti mafuta ndiwo amayamba kununkha. Ichekedwe motalika ndi mopyapyala ngati chala, ipakidwe mchere, ndipo iikidwe pa waya kapena pa nsanja pamwamba pa moto wofatsa. Lawi limapsereza kunja mkati muli muwisi, ndipo nyama yotero imachita mphutsi pasanathe sabata. Chofunika ndi kutentha pang'ono ndi utsi kwa masiku awiri kapena atatu, uku akuitembenuza, mpaka iume yoti poipinda izichita ngati ithyoka. Nkhuni zikhale zouma ndi za mtengo wodziwika, monga mango kapena tsanya. Matabwa opaka penti, mapulasitiki ndi zidutswa za matayala, zimene ena amakolezera moto, utsi wake ndi poizoni ndipo umalowa m'nyama. Ikauma isungidwe m'dengu lopita mphepo pamwamba pa moto wa m'khitchini. Mu jumbo imachita thukuta, kenako chuku. Pophika iyambe yanyikidwa m'madzi kuti ifewe ndi kuti mchere uchepe, ndipo amene anadyapo nyama yowamba yotendera ndi nsinjiro akudziwa kuti kadutswa kochepa kamatha kutsitsa nsima ya banja lonse.

Mawu akuti kadutswa kochepa akutifikitsa ku vuto lina, limene pakhonde paja sitinaliganizire n'komwe. Pali anthu amene samasunga nyama kupyola masiku atatu, koma chifukwa chake si kugawa. Amaimaliza okha. M'mawa chiwindi chokazinga, masana mpunga wa nyama, madzulo kanyenya, usiku yootcha, mpaka tsiku lachitatu m'nyumba monse anthu akudandaula m'mimba. Munthu wotere angadzitame kuti pa nsanja pake palibe kanthu, koma iyenso wasunga, kungoti nkhokwe yake ndi mimba. Ndipo pa nkhokwe zonse imeneyi ndi yoipitsitsa, pakuti mwendo wa mbuzi umene uli pa nsanja ungatsitsidwe mawa mlendo akafika kapena mnansi akadwala, pamene mafuta a pamimba palibe amene angagawireko mnzake. Poyang'ana mbali imeneyi, kuwamba kumasiya khomo la sadaka lili lotsegula kwa miyezi iwiri, pamene dyera limalitseka pa masiku atatu.

Surah Al-A'raf imalola kudya ndi kumwa n'kuletsa kupyola muyezo, zonsezi mu Ayah imodzi. Hadith yodziwika ya kwa Miqdam ibn Ma'dikarib imati palibe chotengera choipa chimene munthu amadzaza kuposa mimba yake, ndipo ngati n'kofunika kudya kwambiri, mimbayo igawidwe patatu, gawo la chakudya, gawo la chakumwa ndi gawo la mpweya. Ana a madrasa amaloweza Hadith imeneyi mosavuta. Akuluakulu ndife timaiiwala, makamaka pa sadaka ya maliro, pa ukwati ndi pa futari ya Ramadhan, pamene ena amatuluka m'mwezi wa kusala atanenepa kuposa mmene analowera.

Kale nkhani ya kukhuta inkadzikonza yokha. Bambo ankapalasa bwato usiku wonse ndi kukoka khoka m'mawa, mayi ankasinja pamtondo, kutunga madzi ndi kusenza nkhuni kuchokera kuphiri. Nsima yaikulu inkapsa m'thupi tsiku lomwelo. Ambiri akukhalabe moyo umenewu, ndipo vuto lawo ndi kuchepa kwa chakudya, choncho mawu awa si awo. Koma pakati pathu pakula gulu lina, eni maboti a injini, eni magolosale, obwera ku Joni, ogwira ntchito m'maofesi, ndiponso, tisadzipatule, aphunzitsi ndi Mashehe amene timakhala pansi tsiku lonse n'kumaitanidwa ku mphwando lililonse. Ntchito ya thupi inachepa koma mbale sinachepe. Yaonjezekera tchipisi cha pachiwaya, zakumwa zotsekemera ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga. Ulendo wa kumsika umene unali wa miyendo lero ndi wa kabaza. Ndipo chifukwa tinachokera ku umphawi, mimba yotuluka timaitcha chizindikiro cha madalitso, munthu akaonda timamufunsa ngati akudwala. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene tinkati ndi a anthu a ku Blantyre, lero ali m'mabanja mwathu.

Nyama yowamba ili ndi mbali yake pa nkhaniyi, ndipo sitiyenera kuibisa chifukwa choti taiyamikira. Imakhala ndi mchere wambiri. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, kumene kuli ngati kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza mchere wonse wa m'ndiwo. Mu 2015 nthambi ya bungwe lomweli yofufuza za khansa inaika nyama zokonzedwa ndi mchere kapena utsi m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo chiopsezo chimakula kwa oidya tsiku ndi tsiku. Banja limene limadya nyama yowamba kangapo pa chaka lisataye tulo ndi zimenezi. Koma bambo amene anauzidwa kuchipatala kuti magazi ake akuthamanga, ndipo akupitiriza kutafuna nyama yamchere madzulo aliwonse akuti imfa ili m'manja mwa Allah, akuiwala kuti Mtumiki anauza Abdullah ibn Amr kuti thupi nalo lili ndi ufulu wake pa mwini wake. Anamuuza zimenezi pomuletsa kupyola muyezo pa kusala ndi kupemphera usiku. Ngati thupi siliyenera kuzunzidwa ndi ibada, nanga kuli bwanji kulizunza ndi kanyenya?

Mawu akuti masewera olimbitsa thupi amachititsa manyazi akuluakulu ambiri, ngati kuti tikuwauza kuti avale kabudula azithamanga mumsewu. Sizofunika kufika pamenepo. Imam Muslim analemba kuti wokhulupirira wamphamvu ndi wabwino ndi wokondedwa kwa Allah kuposa wofooka, ngakhale mwa onse muli ubwino. Mtumiki anachitapo mpikisano wothamanga ndi Mayi Aisha kawiri, ulendo woyamba anapambana mayiwo, wachiwiri anapambana iye. A fuko la Banu Salimah atafuna kusamukira pafupi ndi mzikiti, iye anawauza kuti akhale kwawo komweko chifukwa mapazi awo akulembedwa. Munthu amene nyumba yake ili mtunda wa mphindi khumi kuchokera ku mzikiti, akamapita ndi kubwera wapansi kasanu, wayenda mphindi 100 pa tsiku osagula nsapato zapadera. Amene akusunga ndalama za Hajj akumbukire kuti kuyenda kasanu n'kawiri pakati pa Safa ndi Marwa kokha ndi mtunda wa makilomita pafupifupi atatu, osawerengera Tawaf ndi maulendo a ku Mina. Tikuona mipando ikuchuluka kumbuyo kwa mizikiti yathu. Wodwala ndi wokalamba Shariah inawalola kuswali chokhala, ndipo wina asawayang'ane ndi diso loipa. Koma ena mwa ife tikudzikonzera mpando umenewo tokha, mbale ndi mbale, tili ndi zaka makumi anayi.

Patapita sabata tinakumananso ndi mayi aja, ndipo tinawauza zimene tinasiya tsiku loyamba. Tinawafotokozera za chaka cha njala cha ku Madinah, ndi kuti funso loyenera kufunsa nsanja isanadzazidwe ndi lakuti kodi m'nyumba zozungulira muli amene nyama sinawafike. Anakhala chete pang'ono, kenako anatchula nyumba ziwiri, ina ya agogo osaona, ina ya mtsikana amene mwamuna wake anapita ku Joni zaka zinayi zapitazo osatumiza ngakhale uthenga. Anati pa tsiku la Idi anaziiwala chifukwa eni ake sanabwere kudzapempha. Mwendo umodzi unatsika pa nsanja madzulo omwewo, winawo anati ndi wa adzukulu, ndipo sitinawatsutse.

M'zaka zino funsoli likuoneka lopepuka chifukwa Idi yaikulu yakhala ikugwa nthawi ya masika. Mu 2024 ndi mu 2025 inagwa mu Juni, kuli mphepo ya mwera, kozizira, nyama yosavuta kuumitsa, ngakhale kuti mu 2024 nkhokwe zambiri zinali zopanda kanthu chifukwa cha ng'amba. Koma kalendala ya Hijri imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Pofika 2030 Idi idzakhala mu Epulo, ndipo mu 2035 idzagweranso mu Febuluwale monga zinalili mu 2002. Ana amene lero tikuwaphunzitsa Alif ndi Baa adzakhala akuyamba mabanja awo, ndipo mbuzi yawo yoyamba adzaizinga mvula ikugwa, nkhuni zili zonyowa, chimanga chisanakhwime m'munda.